Dzina Langa Lovina pa Kompyuta

Achimwene, mwandikwiyitsanso muli kumanda. Lero mwana wanga Tamanda wandionetsa webusaiti yomwe akupanga, zilembo zikuvina, ndiye ndakumbuka muli kalaliki ku Domasi, intaneti itangofika kumene. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Songani kuti mungonditayipira kalata yofunsira ntchito. Inu n'kundikhazika mpaka dzuwa kupendeka, mukuseweretsa dzina langa pa tsamba lanu loyeserera: lofiira, lobiriwira, kenako loyendayenda ngati nyerere. Ndinakalipa, "Kompyuta ya abwana si chidole!" Munangoti, "Dikira chemwali, tione chichitike n'chiyani." Kalata sinalembedwe, ntchito inandiphonya, ndipo simunapepese.

Ndiye lero ndatsegula pakamwa kuti ndimukalipire Tamanda, iye n'kuti, "Dikirani amayi, tione." Ndangokoka mpando, achimwene. Ndadikira.