Tsiku Limene Ndinavula Zitini za Amayi

Ndikukumbukira Lachisanu lina m'nyengo yozizira, ndili ndi zaka khumi, pamene ndinavula zitini zonse za amayi n'kuzisiya zili mbulanda. Sindinachite mwamwano ayi. Ndinkati ndikuthandiza, ndipo ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti zophonya zanga zikuluzikulu zonse zinkayamba ndi mtima womwewo.

Nthawi imeneyo tinali tisanazolowere Glasgow, titachoka ku Chinamwali ku Zomba. Tinkakhala ku Govanhill, m'fulati ya pamwamba penipeni, komwe mlendo aliyense ankafika ali wefuwefu n'kuyamba wapempha madzi asanapereke moni. Bambo ankaphunzira masana, madzulo n'kukagwira ganyu yonyamula katundu. Amayi ankasamalira okalamba. Ndalama pakhomo pathu inkabwera ngati mlendo wodutsa: moni, kumwa madzi, ulendo.

Koma njala sinatipondepo, chifukwa amayi anali ndi nkhokwe. Kanali kakabati kamdima pafupi ndi khomo, konunkha chinyezi, komwe anzathu amasungamo nsapato ndi maambulera. Ife tinkasungamo zitini, kuchokera pansi mpaka kudenga. Amayi ankazisonkhanitsa ndi makuponi, timapepala tochotsera mtengo tomwe tinkabwera m'nyuzipepala zaulere ndi m'mapepala oponyedwa pakhomo. Ena ankangotaya, amayi ankatola ngakhale otayidwa pamasitepe. Kuponi ikanena kuti munthu mmodzi agule kamodzi kokha, tinkapita banja lonse, aliyense n'kuima pamzere wake ngati sitikudziwana. Ankakondanso zitini zophwanyika, zomwe zinkatchipa. Ndikadandaula ankati, "Chaphwanyika ndi chitini, nyemba zili bwinobwino."

Lamulo linali limodzi lokha: za nkhokwe zisamveke kutchalitchi. Kumeneko kunali Amalawi a mainjiniya ndi a zamakompyuta, ofika pagalimoto, ndipo amayi sankafuna kuti wina adziwe kuti ife timakhalira zitini zophwanyika. Tikatenga kanthu kopita nako kumeneko, ankayamba atembenuza jumbo kuti dzina la shopu lisaoneke.

Ine ntchito yanga inali kuwerenga. Chingerezi chomwe ndinabwera nacho kuchokera ku Zomba ndi chomwe anthu ankalankhula ku Glasgow zinali ngati sizinaonanepo. Aphunzitsi akamalankhula ndinkangogwedeza mutu, ndipo nthawi zambiri ndinkavomera zinthu zoti ndikane. Koma zolembedwa sizinkathamanga, zinkandidikira. Choncho ndinadziphunzitsa ndekha kuwerenga chilichonse: mapaketi a sopo, zikwangwani za m'basi, malangizo a mankhwala a chifuwa. Amayi pochokera kuntchito maso awo ankakhala atatopa, ndiye ankandipatsa makuponi kuti ndiziwerenga timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi. Ndinkadziona ngati loya wa banja.

Tsikulo ndinali ndekha ndi mlongo wanga wamng'ono Tadala, yemwe anali pa wailesi yakanema. Zowerenga zitandithera, ndinalowa m'nkhokwe. Pa chitini china cha matimati ndinapeza mawu akuti kuseri kwa pepala lokutira kuli kuponi. Ndinalimatula bwinobwino, ndipo zoonadi inalipo. Ndinayang'ana zitini zonse zija n'kuganiza kuti, kani amayi akhala akugonera chuma osadziwa.

Mapepala ena ankang'ambika, ndiye ndinatulukira nzeru ina. Ndinathira madzi ofunda m'bafa, madzi omwenso tinkachita kupimirana, n'kumizamo zitini. Mapepala anayandama okha ngati masamba pa chithaphwi. Ndinapukuta chitini chilichonse n'kuchibwezera m'kabati, osasamala kuti chinali pati. Zinkanyezimira mokongola, zonse msinkhu umodzi, zonse nkhope imodzi, ngati asilikali pa perete.

Kenako ndinakhala pansi kuti ndikolole. Mapepala ambiri kuseri kwake kunali koyera. Makuponi analipo ochepa chabe, ndipo loya uja atawerenga timalemba ta m'munsi, anapeza kuti onse anatha ntchito kalekale. Ndinatseka kabati mwaulemu n'kukagona msanga kuposa masiku onse.

Mawa lake linali tsiku lomwe amayi analiyembekezera ndi mantha. Amalawi a kutchalitchi kwathu ankachita mlaga, mapemphero oyendera m'makomo, ndipo aka kanali koyamba kuti ufike kwathu. Mwa obwera munali Mayi Kamanga, akazi a injiniya wina wa ku Pollokshields, a nyumba yamiyala yokhala ndi kapinga kumaso. Mlaga utachitikira kwawo, amayi anabwerako ali duu, n'kuyamba kukwecha sinki yomwe inali yoyera kale. Tsopano inali nthawi yawo. Nkhuku anagula kale, mpunga unalipo, ndalama ya sabata imeneyo inathera pomwepo. Chotsala chinali matimati a msuzi, ndipo amenewo sanawadere nkhawa. Anali m'nkhokwe.

Ndinawamva akutsegula kabati. Anatseka, n'kutsegulanso, mwina poganiza kuti alakwitsa nyumba.

"Yamikani."

"Ee, amayi."

"Zitini zanga zavuliranji? Kwatentha?"

Ndinafotokoza zonse, n'kuwaonetsa mulu wa mapepala onyowa. Ndinayesanso kutchulapo kuti cholinga chinali chabwino. Bambo anayamba kuseka, koma amayi atawayang'ana, kusekako kunasanduka chifuwa.

"Mayi a Yami, mwanayu angothamangira pa shopu ya pakona," anatero bambo.

"Ndi ndalama iti? Ya basi? Mawa ndi mkuja kuntchito ndidzapita pa msana panu? Ndipo ine ndikagule matimati pamtengo wa pakona, matimati ali m'nyumba mwanga muno?"

Bambo anati vutoli ndi la sayansi, tiwasiyire. Chilichonse, iwo anati, chili ndi kaliridwe kake. Anatenga chitini, anachigwedeza pakhutu atatsinzina, n'kulengeza kuti amenewo ndi matimati osakayikitsa. Amayi anandipatsa chotsegulira, chija chakale chopweteka chala, n'kunena kuti wovula ndiye atsegule. Ndinatsegula. Anali mapichesi.

Kwathu chotsegulidwa sichinkatayidwa. Mapichesi analowa m'mbale. Bambo anasankha china, anati tsopano khutu lazolowera. Chinali chinanazi. Chotsatira nsawawa, kenako mapichesi, kenako mpunga wophikira mkaka, kenako mapichesi. Apa m'pamene tinadziwira kuti mwezi wina mapichesi anatchipa kwambiri ndipo amayi sanawachitire chifundo. Tadala ankaombera m'manja chitini chilichonse. Mbale zinatha, tinayamba makapu, kenako poto wa tiyi. Khitchini inkanunkhira shuga, nkhuku ili mu poto yopanda msuzi, yotuwa ngati yodwala.

Chiyembekezo chathu chomaliza chinali chakuti Amalawi sasunga nthawi. Koma Mayi Kamanga anali atakhalitsa ku Scotland. Nthawi yomwe anagwirizana itangokwana, belu linalira.

Amuna awo anakhala pabalaza ndi bambo. Koma mukudziwa, mayi wa kwathu akafika panyumba pomwe pakuphikidwa, sakhala pampando. Mayi Kamanga anatulutsa chitenje m'chikwama chawo chodula, anachimanga pamwamba pa diresi, n'kulunjika kukhitchini. Amayi anaima pakhomo atatambasula manja ngati goloboyi.

"Khalani pansi mupume, amayi, masitepe athuwa ndi ankhanza."

"Ndikhale pansi ngati mwamuna? Tapatukani, tithandizane."

Analowa. Anayang'ana mbale, makapu, poto wa tiyi wodzaza mapichesi, mulu wa zitini zambulanda patebulo, zambiri zophwanyika m'mbali, ndi ine nditagwira chotsegulira. Pasanapezeke wonena kanthu, Tadala anayamba kufotokoza m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, chomwe tsiku limenelo chinamveka bwino kwa aliyense. Sanasiye kanthu. Ananena za bafa, za makuponi a pamasitepe, za kuima pamizere ngati sitikudziwana, mpaka za majumbo otembenuza.

Ndinayang'ana amayi. Ankapukuta manja pa chitenje chawo, manja omwe anali ouma kale, maso ali pansi. Ndinali nditawaonapo atakwiya, atatopa, akulira maliro a kumudzi pa foni, koma ndinali ndisanawaonepo atachepa chonchi m'khitchini mwawo momwe. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti chomwe ndinavula sizinali zitini zokha.

Mayi Kamanga anatenga chitini chimodzi, anachiyeza kulemera m'dzanja, anachipendeketsa pang'onopang'ono pafupi ndi khutu, n'kuchiika kumanzere.

"Nyemba."

Anatenga china. "Supu." China. "Mapichesi enanso, pepani." Kenako china anachipendeketsa kawiri n'kundipatsa. "Tsegula ichi, mwana wanga."

Ndinatsegula. Matimati, ofiira psuu. Bambo, omwe anali atasuzumira pakhomo, anafunsa modzichepetsa kuti njira yake ndi yotani.

"Simugwedeza ngati maseche, bambo. Mumapendeketsa. Mapichesi amatsetsereka n'kugunda, matimati amangoti phwa."

"Nanga inu zimenezi munazidziwira kuti?" anafunsa amayi, mawu ali pansi.

"Mayi a Yami, ku Pollokshields sitinabadwireko. Tinayambira ku Sighthill, m'mafulati ataliatali aja. Inu bola zanu zinabwera zitavala. Ife tinkagula pamsika zovula kale, chifukwa zinkatchipa kuposa zophwanyika. Bambo Kamanga digiri yawo anailemba ndi kasitadi wothira pa mpunga."

Kuchokera pabalaza kunamveka mawu a Bambo Kamanga. "Zimenezo si za pa mlaga, mayi."

Amayi anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pa thumba la mpunga, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anadzuka, anathira matimati mu nkhuku, ndipo azimayi awiriwo anayamba kukambirana za shopu yomwe imatsitsa mitengo mochedwa ndi yomwe imanamiza anthu, ngati anthu oti anakulira mudzi umodzi.

Mlaga unayenda bwino. Titadya mpunga ndi nkhuku, panabwera zotsekemera zomwe mlaga wathu unali usanazionepo. Mkulu wa mpingo wina popemphera anayamika Mulungu chifukwa cha banja lomwe ladalitsidwa ndi zipatso zochuluka chonchi m'dziko lopanda mtengo wa mango. Ameni wa amayi anamveka mochedwerapo.

Ine chilango changa sichinathere pomwepo. Mayi Kamanga anatisankhira zitini zina asanapite, koma nawonso khutu lawo silinali la mngelo. Nyengo yonse yozizira ija tinkadya mwa maere. Amayi ankaphika mpunga, ine n'kulowa m'nkhokwe, ndipo chomwe ndatulutsa ndicho ndiwo. Tinadyapo mpunga ndi chinanazi. Tinamwerapo tiyi nsawawa. Ndikakwinya nkhope, amayi ankangoti, "Werenga, loya, pa chitinipo palembedwa chiyani?"

Mapichesi okha anatikwana tonse, ngakhale Tadala. Choncho akatuluka, amayi ankawathira m'mbale yabwino n'kundituma kwa Mayi Docherty, mayi wamasiye wachisikoti wa khomo loyang'anizana ndi lathu, yemwe mpaka nthawi imeneyo tinkangopatsana naye moni wa pamasitepe. Poyamba anadabwa. Kenako anazolowera, mbale inkabwerera muli mabisiketi, ndipo tsiku lina ndinawafotokozera chiyambi cha mapichesiwo.

Lero ndili ndi nyumba yanga, ndipo nanenso ndili ndi kabati yomwe akazi anga amaiseka. Ndikamaikamo zitini ndimamvetsa zomwe sindinkamvetsa ndili mwana. Amayi anaonapo chaka cha njala ali mtsikana, ndipo m'dziko lachilendo, lopanda munda, lopanda m'bale woti n'kukapemphako ufa, kakabati kaja ndiko kankawagonetsa tulo. Ndimamvetsanso kuti kusowa sikunkawalemera kwambiri ngati kubisa. Kuyambira tsiku lija, iwo ndi Mayi Kamanga ankasinthana makuponi pakhomo la tchalitchi anthu akuona, ndipo posakhalitsa azimayi ena anayamba kutsegula zikwama zawo. Sindikunena kuti ndinachita bwino. Amayi akamva kuti ndikudzitamandira, mpaka lero angandipatse chotsegulira.

Nyengo yozizira ikupita kumapeto, ndinagogodanso kwa Mayi Docherty ndi mbale ija. Anatsegula, anavundukula, anayang'ana mapichesi, n'kundiyang'ana ine pamwamba pa magalasi. Nthawi imeneyo khutu langa linali litayamba kugwira Chingerezi chawo, ndipo ndinamva liwu lililonse.

"Mwana wanga, ndakhala m'fulati muno kuyambira amayi ako asanabadwe, ndipo palibe anandigogoderapo ndi mbale mpaka iwe unalakwa. Uwathokoze amayi ako. Koma ukadzafuna kulakwanso, chonde, udzalakwire ku nkhuku."