Ndevu Theka za Asewere

Wometa wa mumsewu mwathu timangomutcha Lumo. Wakhala akumeta mitu yathu zaka makumi awiri, m'kachipinda ka galasi long'aluka ndi mpando umodzi wotsimphina. Asanabwere kuno anagonapo miyezi isanu kuchipatala cha odwala misala. Wodziwa ndinali ine ndekha, chifukwa ndine ndinkamuwerengera zolembedwa pa botolo la mankhwala. Ankabisa poopera mwana wake wamkazi, amene anali pa chitomero ndi mwana wa mwini golosale.

Tsiku lina, ndili kwa Lumo, kunabwera mtsikana wa ku yunivesite ndi chikwama cha mafunso, ati akufufuza mmene mitundu ya anthu imaonera misala. Ine amene ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu sanandifunse kanthu, ndipo sindinaiwale. Anasankha a golosale, amene anali pampando, thovu mpaka m'makutu.

"Bambo, mungalole mwana wanu kukwatira kubanja kumene wina anadwalapo misala?"

"Iwe mwana, ndiyambe ndafa! Misala siitha, imangopuma. Ndipo wamisala ine ndimamuzindikira ndi maso okha, akadali patali. Si choncho, asewere?"

Lumo anali atameta tsaya limodzi. Anapukuta lezala, n'kuliika patebulo.

"Asewere, khosi ili ndalimeta zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu."

"Ndinakutemanipo?"

"Ngakhale kachiphuphu."

"Ndiye masowo mukawapimitse. Ine ndinagonako kuchipatala cha misala, ndipo mankhwala ndamwa lero lomwe. Tsono mudzuka, kapena ndimalize?"

Mtsikana uja anagwetsa cholembera. A golosale anayang'ana pakhomo, kenako pagalasi: tsaya lina losalala ngati la khanda, lina thengo lenileni. Panja panali azimayi atatu, makasitomala awo, a pakamwa posatseka.

"Malizani," anatero, mawu ngati a mwanapiye. "Koma pang'onopang'ono."

Lumo anamaliza, anawapaka ndi mafuta omwe.

Ukwati unachitika. A golosale amabwerabe Loweruka lililonse, ndipo amauza aliyense kuti ankadziwa kuyambira kale, anaonera m'maso. Lumo sawatsutsa, amangowaweramitsa mutu.

Buku la mtsikana uja ndinaliwerenga. Analemba kuti anthu a mtundu wathu ndi ololera kwambiri. Ololera chiyani? Munthu anangoopa kuyenda mumsewu ndi ndevu theka.