Asiyatu, tsiku lija tinakadya mpunga ku Zomba

Asiyatu mnzanga, lero ndadutsa pamene panali kalesitilanti kaja kuseri kwa msika wa Zomba. Pano akugulitsapo mafoni. Ndinaima pakhondepo mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndasochera. Ndimakumbuka iwe, utachoka kuchilumba cha Chisi pa bwato kudzandichezera kwa Mwambo, uli woyembekezera mwana wako woyamba. Unati tauni sunaionepo. M'mawa mwake tinamanga makadi a chipani kunsonga kwa zitenje, poti masiku amenewo wopanda khadi mumsika samalowa, n'kukwera lole ya matemba. Ndinakuzungulitsa m'masitolo a amwenye, koma iwe maso anali paphiri. Unandifunsa kuti, "Anthuwa amagona bwanji, chinthu chonsechi chili pamutu pawo?" Kulesitilanti unakana nyama ya mbuzi posadziwa amene wazinga, unaitanitsa mpunga wa nyemba. Foloko itakukanika unadya ndi manja, ine manyazi atandigwira, iwe ukungoseka. Pokuperekeza padoko unati, "Ndikachira ndidzabwera naye, naye adzadye za m'tauni."

Matenda anakuyamba mvula ili pakati, nyanja itawinduka. Anakukweza m'bwato kuthamangira nawe kuchipatala kumtunda kuno, koma bwatolo linabwerera panjira, iwe utatsirizika pamodzi ndi mwanayo. Uthenga unandipeza atakuika kale, poti kwanu maliro sagonetsa. Lero ndili ndi zidzukulu, mwali, tsitsi layera, miyendo yokwerera bwato ndilibenso, ndipo manda ako sindinawaonebe. Gona bwino kutsidyako.