Khasu la ku Barking

Amayi oyandikana nafe ku Barking, kuno kudziko la azungu, anesi opuma ntchito, ali ndi khasu lomwe anabwera nalo m'sutikesi kuchokera ku Dedza. Wachinyamata akamavutika maganizo, amamuperekeza kwa dokotala, koma amamupatsanso khasulo. "Kwathu munthu amamasuka akulima," amatero. Munda wawowo, kukula kwake ngati mphasa.

Mphwanga Chiyamiko atasiya kudya ndi kulankhula, ankangokumba pamenepo, amayiwo atakhala pambali. Dzenje litafika m'chiuno, mzungu wokhala m'nyumba ya pamwamba pawo anaitana apolisi, ati tikukumba manda.

"Manda a ndani awa?" anafunsa wapolisi.

"A mbatata," anayankha amayiwo.

Chiyamiko anaseka mpaka kugwera m'dzenjemo. Atatuluka anati ali ndi njala.

Amayiwo anamugwira mkono wapolisi uja: "Bambo, mawa mubwerenso."