Njereza ya Bambo Anga

Nyumba ya abishopu m'tauni yathu yakale sinamangidwe ndi ampingo ayi. Anaimanga Mpwitikizi wina wogula thonje, kale sitima zikadayenda m'Shire. Inali pachiunda kuopa madzi osefukira, khonde kuzungulira konse, zipupa zokhuthala moti munthu umatha kukhala pawindo n'kutambasula miyendo. Kunja kukamawotcha ngati m'ng'anjo, m'katimo munkazizira bwino.

Koma nthaka ya kwathu kuno ndi yamchere, ndipo mcherewo umakwera m'njerwa. Chaka ndi chaka bambo anga, mmisiri wochokera kutsidya ku Mozambiki, ankapala m'munsi mwa zipupa n'kumatanso ndi njereza yowotcha okha kuchokera ku zigoba za nkhono. Ine ndinali kale ndi banja, ndikuwathandiza monyinyirika. Ntchito yanji yosatha! Akamandionetsa kasakanizidwe kake, zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Chaka china kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko adutsa poyendera mbewu. Zonse zam'mbali mwa msewu zinayenera kuwala. Wansembe woyang'anira nyumbayo anaitanitsa simenti.

"Nkhabe!" anakana bambo m'Chisena chawo. "Simenti itsekera mchere m'kati. Njerwa zidzafumbwa."

Masiku amenewo kukana zokongoletsa msewu sikunali kwamasewera, makamaka kwa munthu wobadwira kutsidya. Ndinachita mantha, komanso kunena zoona, njerezayo inali itanditopetsa.

"Baba, khalani pansi, mwakalamba," ndinatero pamaso pa anthu. "Ndimata ndine."

Anandiyang'ana, natola chipewa chawo. Sanapondenso pamalopo mpaka tinawaika m'manda patapita mvula ziwiri.

Simentiyo inawala ndithu, ndipo anthu ananditama. Mtsogoleriyo anadutsa pagalimoto osacheuka n'komwe. Patatha zaka zingapo chipupa chakumadzulo chinayamba kulira ngati ng'oma ukachigogoda. Tsiku lina chigamba chachikulu chinagwa chokha, kumbuyo kwake kuli ufa wofiira wokhawokha.

Abishopu anandiitanitsa. Anali munthu wofatsa, sanandikalipire.

"Bambo, tiyeni timatenso monga ankachitira malemu bambo anu. Paja munkagwira nawo, eti?"

Ndinavomera, manyazi atandigwira. Ndinatola nkhono kudambo masabata atatu, msana kuchita kuuma. Ndinawotcha, ndinasakaniza, ndinamata. Itauma ndinapititsapo dzanja, yonse n'kuyoyokera pamapazi panga. Ndinayesanso kawiri, koma osatheka. Ndinafunsa nkhalamba za ku Mbenje, onse yankho limodzimodzi: "Amene ankadziwa zimenezo ndi bambo ako."