Khomo la Utsi Wochepa

Bambo amene ndinayandikana nawo kuno kwa Tengani sagula makala, sadulanso mtengo. Amatola mapesi a mapira ndi timitengo ta nandolo, n'kukoleza kamoto kamodzi patsiku. Njinga yamoto sakwera. Kumsika amapita wapansi, dzuwa lili ng'aa pamutu. Ukawafunsa amangoti, "Moto wa munthu mmodzi sufuna chikuni."

Mwezi watha kunabwera mtsikana wa bungwe lina loona za kusintha kwa nyengo, kudzayeza utsi umene khomo lililonse limatulutsa. Anawafunsa za nkhuni, za maulendo, za kaphikidwe, uku akudinadina foni yake. Kenako anaomba m'manja.

"Agogo, m'mudzi muno palibe wokuposani! Utsi wanu ndi wochepa kwambiri. Tikufuna mukaphunzitse anzanu."

Iwo anatembenukira kumafuwa aakulu amene sanalawenso moto chimwalirireni akazi awo, ana onse atabalalikira ku Blantyre ndi ku Joni.

"Takhuta, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Koma kale utsi wa pakhomo pano unkaonekera kumsewu. Ndiye anzangawo ndikawaphunzitse chiyani? Kutsala okha?"