Mawaipa a motoka ya malemu atate

Muli bwanji nonse? Ine mtima ukali m'mwamba.

Alamu, akazi a mlongo wanga Yosefe, matenda a uchembere awayamba m'mawa. Tanyamuka ku Mburuma pa motoka yakale ija ya malemu atate, mvula ikukhuthuka. Pakati pa njira mawaipa zii! Fyuzi ili bwino, koma mota yake ikungolira osazungulira. Yosefe potsegula wapeza mavu anamangamo zisa zadothi chilimwe chonse.

Kumbuyo alamu akubuula: "Tiyeni, mwana sadikira!"

Ndang'amba chitenge changa, tamangira ku mawaipa. Yosefe akuyendetsa, ine ndikukoka uku ndi uku kudzera m'mawindo, mpaka ku chipatala cha Katondwe.

Manje alamu ali m'kati, sitinamve kanthu. Yosefe akuti motoka ya atate sigulitsidwa. Inu mukuti bwanji? Ine chitenge china ndilibe.